Mkango Wadazi wa a Sifu Pang

1. Hatchi yafa

Dzina langa ndine Szeto Fung-kiu, koma pa msewu wa Pender aliyense amangonditchula kuti Azakhali, ngakhale nkhalamba zondiposa zaka. Sukulu ndinapitako zaka ziwiri zokha kwathu ku Hong Kong. Chaka chachitatu aphunzitsi anauza mayi anga kuti mutu wanga ndi wabwino koma pakamwa panga pakusokoneza kalasi. Ndiye maphunziro anga ndinakamalizira mu msika wa nsomba. Mukapeza mawu okhota m'nkhani ino muwawongole nokha, ophunzira ndinu.

Hoi-lam ndi mwana wa mchimwene wanga. Anabadwira kuno ku Vancouver, ndipo chaka chimenecho anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ankaphunzira gule wa mkango, uja wa anthu awiri pansi pa nsalu imodzi, kwa mphunzitsi wake a Sifu Pang, m'chipinda cha pamwamba pa nyumba ya tiyi ya Mayi Auyeung.

Chipinda chimenecho ndiye chinali pamoto. A Pang anaphunzitsiramo zaka makumi atatu, koma ana anali atatsala asanu ndi mmodzi. Mphunzitsi wina, a Sifu Mak, anali ndi ana makumi anayi ndi mikango yonyezimira, koma analibe malo m'dera lathu. Mayi Auyeung, amene anali atakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, anatopa ndi kuchondereredwa uku ndi uku.

"Pa Chaka Chatsopano ndidzapachika mipukutu iwiri ya masamba a letesi pakhomo panga," anatero. "Mikango yonse iwiri idzabwere kudzaitenga. Umene udzandisangalatse, kiyi wa pamwamba ndi wake."

Ife sitinade nkhawa, chifukwa tinali ndi Chun-kit. Mnyamata ameneyo ankadumpha ngati alibe mafupa, ndipo ndiye ankavala mutu wa mkango wathu, Hoi-lam ali kumchira kwake. Kutatsala masabata atatu, Chun-kit anasamukira kwa a Mak.

Tsiku limene a Sifu Pang analengeza zimenezi ine ndinalipo. Musaganize kuti ndinkangobwera kudzamva miseche. Ine ndine Chimutu, uja amavala chigoba choseka n'kumatsogolera mkango ndi chokupizira cha mlaza. Ntchito yake ndi kupusa, ndipo palibe anandiposapo.

"Hatchi yathu yafa," a Sifu anatero. "Mawa ndikabweza kiyi kwa Mayi Auyeung. Kuli bwino kutero kusiyana n'kukachita manyazi pamsewu."

Hoi-lam anaimirira.

"Sifu, mwambiwo simunaumalize. Hatchi ikafa, munthu amatsika n'kuyenda wapansi."

Chikantoni chake, chilankhulo chathu cha ku Hong Kong, chinali chopindika ngati mchira wa nkhumba, koma mawu onse anamveka. A Sifu anatembenukira kwa ine.

"Wamuphunzitsa ndani?"

Ine ndinali nditatanganidwa kuwerenga akangaude kudenga.

"Iwe nsungwi," a Sifu anauza Hoi-lam. Ana obadwira kuno timawatcha choncho, chifukwa nsungwi ukathira madzi mbali ino satulukira mbali inayo. "Chilankhulo cha makolo ako uchita kuchitola m'mbale ya azakhali ako. Ndiye uvale mutu wa mkango? M'chipinda muno mtsikana sanauvalepo."

"Ndiye ndiyamba ine."

Anapita pakona n'kuunyamula. Mkango wathu, ana inu, unali wokalamba. Pamphumi ubweya unatha, panatsala dazi lonyezimira. Khutu lakumanzere tinalimangirira ndi chingwe cha mbedza. Hoi-lam anauvala, n'kukoka chingwe cha maso. Mkango unaphethira kamodzi, ukuyang'ana a Sifu.

"Kumchira kukhala ndani?" a Sifu anafunsa.

"Ine," anatero Bo-yee, mtsikana amene ankaimba mbale za mkuwa. Iyeyu amanyamula matumba a mpunga mu golosale ya bambo ake, ndipo miyendo yake ndi ngati nsanamira.

A Sifu anawayang'ana onse awiri, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wodya nsomba yamchere apirire ludzu," anatero potsiriza. "Mawa m'mawa, musanapite kusukulu."

2. Kabuku kofiira

Za miyambizi zinayamba chonchi. Chaka chapitacho, pa ukwati wina, nkhalamba zinamuseka Hoi-lam atalephera kuyankha nthabwala. Mawa lake anabwera kwanga ndi kabuku kofiira.

"Azakhali, ndiphunzitseni mawu obwezera."

"Otukwana kapena a ulemu?"

"Olasa."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse tinkakhala patebulo langa tikukulunga nyama ya nkhumba m'timapepala ta ufa, ine ndikulankhula, iye akulemba. Ine zilembo zathu ndimangodziwa za dzina langa ndi za mitengo ya nsomba, ndiye ankalemba mmene akumvera.

Loweruka lotsatira tsiku limene anavala mutu wa mkango lija anabwera mapewa atatupa. Timitanda take tinkatuluka ngati tachita ngozi.

"Azakhali, tipambana?"

"Pakanakhala kudziwiratu, sipakanakhala opemphapempha."

Analemba, kenako anandiyang'ana. "Koma simunandiyankhe."

"N'chifukwa chake ndi mwambi. Ukanayankha ukanakhala dokotala. Lemba uwu. Alenje khumi akuthamangitsa mbawala imodzi, ndipo aliyense wauza kale mkazi wake kuti atereke madzi. Koma mbawala ifera m'manja mwa yani, palibe akudziwa. Ukamva munthu akunena kuti nkhani yatha kale, umuuze zimenezo."

"Nanga wa munthu wodzitama?"

"Wapambana switi, waluza fakitale. Malemu amuna anga tsiku lina anatsutsana ndi mayi anga pa za njira yachidule yopita kudoko. Anapambana ndithu, njira yawo ndiyo inali yachidule. Anadya mpunga wozizira mwezi wathunthu."

Anaseka mpaka ufa unamulowa m'mphuno.

"Nanga ndikagwa, Azakhali?"

"Ukagwa, tolako mchenga wodzaza dzanja, anthu aganize kuti unatsikira womwewo. Ambiri amanena zimenezi monyoza munthu wokana kugonja. Ine ndimati munthuyo ndi wochenjera. Ndili mtsikana ndinaterereka pa mamba a nsomba, pamaso pa mnyamata amene ndinkamufuna. Miyendo m'mwamba. Ndinangoyamba kufufuza pansi n'kumati ndataya ndolo. Iye anagwada kudzandithandiza."

"Anayipeza?"

"Makutu anga anali osaboola. Koma anandikwatira."

Madzulo ake tikupita kukagula malalanje tinakumana ndi Chun-kit, atavala jekete yagolide ya kwa a Mak.

"Moni, Azakhali," anatero, chifukwa ulemu sanaiwaliretu. Kenako anayang'ana Hoi-lam. "Ndamva kuti wakwezedwa. Zaka ziwiri unali matako anga, lero wasanduka mutu?"

"Zaka ziwiri ndinkaona zolakwa zako zonse kuchokera kumbuyo," Hoi-lam anayankha. "Phiri likatalika, kuseri kwake kuli lina lotalika kuposa."

"Wamva Chikantoni chimenecho? Ngati mphaka wapondedwa. Kiyi uja watha kale, mlongo. Uwauze a Pang ayambe kulongedza."

"Mbawala ikadali m'tchire. Usatereke madzi."

Ine ndinamupatsa lalanje limodzi mnyamatayo. Lovunda pansi.

3. Chenjezo la a Sifu

Masabata atatu anatha ngati madzi a m'dzanja. Hoi-lam anagwa kambirimbiri. Kudumpha n'kuponda pa ntchafu za Bo-yee anakuphunzira, koma pa maulendo khumi ankakhoza asanu ndi awiri.

Tsiku lomaliza a Sifu anawakhazika pansi atsikana awiriwo.

"Kudumpha ndakuphunzitsani," anatero. "Tsopano mverani chimene chimaposa kudumpha. Mawa mukumana ndi mkango wina pamsewu. Mikango iwiri ikakumana, uliwonse umatsitsa mutu. Pakamwa potseka. Maso osaphethira. Mwendo osaukweza, ndevu osazisisita. Ng'oma zimalira motsitsa mpaka mutadutsana. Mkango umene wakweza mutu kuposa unzake ndiye kuti wanena kuti, 'Ndine mbuye wako.' Umene waphethira kapena kukweza mwendo waitanira ndewu.

"Ine ndili ndi zaka zanu ndinaona zimenezo. Mkango wina unaphethira wathu. Mnzanga amene anali kumutu anabwezera. Sipanathe mphindi, ng'oma zinali pansi, mitu yonse iwiri itang'ambika, mnzangayo mano atatu ali m'dzanja. Amene anayamba ndani, palibe anafunsa. Zaka zisanu palibe sitolo inatiitana. Anthu amaitana mkango kuti uchotse tsoka pakhomo. Ndani angaitane mkango wobweretsa tsoka lake?

"Pakhomo pa mwini nyumba mumagwada katatu. Letesi mumatenga ndi pakamwa pa mkango, osati dzanja lionekere kunja. Mukaming'amba mumamwaza kumanzere, kumanja, kenako pakati. Ndipo pochoka mumayenda chambuyo. Mchira wa mkango suloza khomo la munthu. Kutero n'kumuonetsa matako pa tsiku loyamba la chaka.

"Chun-kit ndinamulera ine. Ndikumudziwa. Adzakuputa, Hoi-lam. Akakuputa, tsitsa mutu."

"Ndiye andinyoze pamaso pa anthu ine ndili chete?"

"Inde."

"Ine sindigwadira Chun-kit."

"Sugwadira Chun-kit. Mkango ukugwadira mkango."

"Mkango wake ndi iyeyo, Sifu. Anthu adzati tachita mantha. Mayi Auyeung adzapereka kiyi kwa mkango wamantha?"

"Sindikudziwa chimene Mayi Auyeung adzachite. Ndikudziwa chimene ine ndidzachite. Ukadzakweza mutu, ndidzasiya ng'oma pomwepo n'kupita kwathu. Ndilonjeze."

Hoi-lam anamanga zingwe za nsapato zake, zimene zinali zomanga kale. Sanalonjeze.

4. Mikango iwiri pa msewu umodzi

Lamlungu m'mawa kunagwa kamvula kowaza, kaja kosanyowetsa munthu koma konyowetsa msewu. Makombola anali ataphulika kale, timapepala tofiira titamatirira paliponse. Anthu anadzaza mbali zonse ziwiri.

Mayi Auyeung anakhala pampando pakhomo pawo, bulangeti pamiyendo, kapu ya tiyi m'manja. Kiyi anali atatenga kwa a Pang m'mawa womwewo, n'kumangirira pa ulusi wofiira m'khosi mwawo. Pamwamba pa khomo, pa nsungwi ziwiri zotuluka pawindo, panalendewera mipukutu iwiri ya letesi, uliwonse ndi envulopu yake yofiira ya ndalama.

Ife tinachokera kumtunda, a Sifu akuimba ng'oma pa ngolo. Ine patsogolo ndi chigoba changa, ndikugwedeza mimba ya pilo. M'chigoba chimenecho munthu amaonera pakamwa, ndipo mumanunkha thukuta la anthu atatu amene anamwalira kale.

A Mak anachokera kumunsi. Mkango wawo unali wagolide, ubweya woyera mbee, maso owala ndi mabatire. Wathu pafupi nawo unkaoneka ngati agogo ake obwera kuchokera kuchipatala.

Tinakumana pakati, pamaso pa khomo. Ng'oma zonse ziwiri zinatsitsa mawu. Hoi-lam anatsitsa mutu pang'ono.

Chun-kit anakweza wake m'mwamba, manja onse atatambasula. Kenako anaphethira, kawiri, pang'onopang'ono. Kenako anakweza mwendo n'kuugwedeza pafupi ndi mphuno ya mkango wathu.

Achinyamata a mafoni anakuwa mosangalala. Nkhalamba za pa makonde zinapukusa mitu. A Mak anali kumbuyo kwambiri ndi ng'oma yawo, ndipo ndikhulupirira sanaone bwino.

"Galu wadazi," ndinamva Chun-kit akunena kudzera pakamwa pa mkango wake. "Dzuka tione."

Mutu wa mkango wathu unayamba kukwera. Ndinaona zala za Hoi-lam zitagwira nsungwi ya mkati mwa mutuwo mwamphamvu. Chingwe cha maso chinali chitakulungidwa pa chala chake. Ng'oma ya a Sifu inayamba kuzengereza ngati munthu amene akufuna chipewa chake.

Pano ndiulule tchimo langa, poti ndakalamba. Ine ndinkafuna amukankhe. Ndinayandikira ngati ndikuukupiza mkango, n'kunong'ona.

"Mwanangu, ukafuna kumuluma, ine sindinaone kanthu."

Anapuma kawiri. Kenako mawu anatuluka m'kamwa mwa mkango.

"Azakhali, ameneyo akufuna switi. Musiyeni atole."

Ndipo anatsika. Anapinda mawondo mpaka ndevu za mkango zinagona pa phula lonyowa. Bo-yee anatsika naye. Pakamwa potseka, maso osagwedezeka. Anakhala choncho mpaka mkango wagolide unadutsa wonse, ndi mchira womwe.

Ena anaseka. Mwana wina anafuula kuti mkango wokalamba wagonja. Ng'oma ya a Sifu inabwerera m'malo mwake, ndipo ine m'chigoba muja ndinachita manyazi, nkhope yakunja ikuseka.

5. Mchenga

Oyamba kutenga letesi anali a Mak, poti ndiwo alendo.

Ndisaname, Chun-kit anavina. Anagwada katatu mofulumira, anazungulira, anadumpha n'kuima pa mapewa a mnzake ndi mwendo umodzi. Mpukutu uja anautenga ulendo umodzi wokha. Anaung'amba ali m'mwamba momwemo, masamba n'kumwazika ngati mvula. Msewu wonse unaomba m'manja, ndi ine ndemwe ndinaomba kamodzi ndisanakumbuke.

Koma oomba m'manjawo anali kumbuyo kwake, pamsewu, mafoni ali m'mwamba. Atatsika anatembenukira kwa iwo n'kugwada mwaulemu kwambiri. Mchira wagolide unagwedezeka bwinobwino, utaloza khomo, utaloza kaguwa ka lubani kapakhomopo, utaloza nkhope ya Mayi Auyeung.

A Mak anamenya m'mphepete mwa ng'oma kumuchenjeza. Phokoso linachuluka, sanamve. Mayi Auyeung anaika kapu yawo pansi.

Kenako inali nthawi yathu. Hoi-lam anagwada kumanzere, kumanja, pakati, mosafulumira. Mkango unanunkhiza mphuthu za chitseko. Unaona letesi, unabwerera m'mbuyo ngati ukukayika, unayandikiranso. Ine ndinkauloza ndi chokupizira n'kumadzisisita pamimba.

A Sifu anakweza ng'oma. Hoi-lam anadumpha.

Phazi la Bo-yee linaponda tsamba lonyowa limene mkango woyamba unasiya. Anaterereka, ndipo onse awiri anagwa chammbali, khu. Mutu Hoi-lam anaukumbatira kuti usaphwanyike, chigongono chake n'chimene chinalandira phula.

Msewu unati zii. Kenako kuseka kunayamba chakumbuyo.

"Yatha," anatero Chun-kit, amene anali atavula mutu wake.

Ndinathamangira pomwepo n'kuwerama.

"Bondo langa," Bo-yee ankanena pansi pa nsalu. "Ndipatseni kanthawi pang'ono."

"Hoi-lam, wavulala?"

"Azakhali," anayankha akupuma movutikira, "mchenga."

Mkango uja, uli chigonere, unatsegula pakamwa n'kuyasamula. Unakweza mwendo wakutsogolo n'kudzikanda kukhutu. Zikope zinatsika pang'onopang'ono, zinatseguka, zinatsikanso. Mutu unagwa pa miyendo. Mkango unagona tulo pakati pa msewu wa Pender.

A Sifu anayang'ana kamphindi, kenako ng'oma inayamba kulira motsitsa, kaimbidwe ka mkango wogona kamene mwana aliyense wa gule amakadziwa.

Apa ndiye panali pa ine. Ndinaika manja m'chiuno ngati mayi amene wapeza mwana akugona nthawi ya sukulu. Ndinaukupiza kumphuno, unandithamangitsa ngati ntchentche. Ndinayamba kuufuna nsabwe pa dazi paja, n'kumaziphwanya ndi zikhadabo, imodzi n'kupatsa wapolisi amene anaima pafupi. Ndinatchera khutu pamimba pake, n'kudzigwetsa chagada ngati mkonono wandikankha. Ndinakhala pamsana pake kuti ndipumule, unandigwetsa.

Anthu ankasekabe, koma kuseka kwake kunali kutasintha. Nkhalamba ina ya pa khonde inkapukuta misozi.

"Ndakonzeka," Bo-yee ananong'ona.

Ndinamenya mkango pa dazi ndi chokupizira. Unadzidzimuka, unadzinyambita, unayang'ana m'mwamba ngati wakumbukira chimene unadzera. Ng'oma inakwera. Hoi-lam anadumphanso.

Ulendo uno mapazi anakhazikika pa ntchafu za Bo-yee. Miyendo inayi yonse inkanjenjemera, aliyense ankaona. Pakamwa panafika pa letesi, panaphonya, panafikanso, panatseka. Mpukutu unalowa.

Anatsika, anaung'ambira mkati, n'kumwaza kumanzere, kumanja, pakati. Tsamba limodzi linatera pa bulangeti la Mayi Auyeung. Kenako mkango unagwada katatu n'kuyamba kuchoka chambuyo, Bo-yee akutsimphina, nkhope ya mkango isakuchoka pakhomo. Ine ndinkawatsogolera kuti asagunde mtengo wa magetsi. Anayenda choncho mpaka pakona.

6. Ulusi wofiira

Mayi Auyeung anatuma mdzukulu wawo kuti aitane ovina onse, mitu itavulidwa. Aphunzitsi awiri anaima pambali. A Mak nkhope inali itagwa.

"Iwe mnyamata," anayamba ndi Chun-kit, "umadumpha bwino. Sindinaonepo wodumpha ngati iwe. Koma ine ndaona mikango kuyambira ndili pamsana pa mayi anga, ndipo lero ndi koyamba kuona matako a mkango pakhomo panga. Unavinira ndani? Ine ndinapachika letesi, ine ndinaika envulopu, khomo ndi langa. Iwe unagwadira mafoni. Mafoniwo akupatse chipinda. Ndipo zimene unachitira mkango unzako ndinaziona. Maso anga ndi okalamba koma sanapume pa ntchito. Mkango umene unauphethira ndi umene unakuphunzitsa kuyenda."

Chun-kit anayang'ana nsapato zake.

"Iwe mtsikana. Unagwa."

"Inde, Agogo."

"Kenako unanama kuti mkango wagona."

"Unatopa, Agogo. Ndi wokalamba ngati..." Anadziluma lilime.

"Ngati ine?"

"Ngati Azakhali."

Ine ndinali nditavula chigoba, ndiye ndinalephera kubisala.

Mayi Auyeung sanaseke, koma pakamwa pawo panagwedezeka. "Pamene unatsitsa mutu, anthu akukuseka, unkadziwa kuti ndikuona?"

"Ayi, Agogo. Pakanakhala kudziwiratu, sipakanakhala opemphapempha."

"Chikantoni chako n'chopweteka m'makutu."

"Ndikuchiwongola, Agogo. Loweruka lililonse."

Anavula ulusi wofiira m'khosi. A Sifu Pang anasendera kutsogolo, koma Mayi Auyeung anawaimitsa ndi dzanja.

"Inu a Pang, ndinamva kuti mumafuna kundibwezera kiyi masabata atatu apitawo. Musafunse amene anandiuza." Ine ndinayambanso kuyang'ana kumwamba, ngakhale kunalibe akangaude. "Inu muziphunzitsa monga kale. Koma wosunga kiyi ndi uyu, amene anakana kutsika masitepe."

Anamuveka Hoi-lam ulusiwo m'khosi. Magazi a pa chigongono anali atadetsa malaya ake. A Sifu anatulutsa kansalu m'thumba n'kumupatsa osamuyang'ana.

"Nsungwi," anatero, "Lachitatu usachedwe. Sindikufuna kuima panja."

Lachitatu madzulo tinakwera masitepe tilipo atatu, Hoi-lam patsogolo, a Sifu pakati, ine kumbuyo ndi mabanzi. Titafika pamwamba tinaima.

Pakhomo pa chipinda panagwada Chun-kit. Jekete yagolide analibe. M'manja mwake munali thireyi, pa thireyipo tiketulo ndi kapu imodzi yothira kale. Kwathu wophunzira amene walakwira mphunzitsi wake amapepesa choncho, ndipo mphunzitsi akamwa tiyiyo ndiye kuti mlandu watha.

"Sifu," anatero osakweza maso, "imwani tiyi."

A Sifu anaika manja kumbuyo.

"Khomo ili sindine ndimatsegula," anatero. "Ndipo mutu wa mkango muno ndi umodzi."

Onse awiri anayang'ana Hoi-lam. Iye anali atagwira kiyi m'dzanja, nkhanambo ya pa chigongono ikuonekera. Anatembenukira kwa ine.

"Azakhali, pa izi pali mwambi?"

"Ulipo," ndinatero. "Iwiri. Wina umati mulowetse, wina umati musiye panja."

"Wabwino ndi uti?"

Ndinaluma banzi kuti pakamwa pakhale potanganidwa. Nthunzi ya pa kapu ija inali itayamba kuchepa, ndipo kiyi anali asanafike pa loko.